Ekita safa, koma ine ndinafera pakhonde la bwana

Abale anga a ku Mzuzu, makamaka inu a ku Chibavi ndi ku Chiputula amene tinkapanikizana nanu pamabenchi a vidiyo, ndikulemba izi mtima ukadali kuwawa. Loweruka lapitali ndinachita manyazi amene sindinawachitepo m'zaka 11 zimene ndakhala kuno ku Joni, ndipo chimene chinandigwetsa si apolisi kapena chitupa, monga mmene mungaganizire, koma nkhani ya filimu.

Bwana amene ndimamusamalira maluwa anaitana anzake kudzawotcha nyama, ndipo monga mwa nthawi zonse woyang'anira makala ndinali ine. Atakhuta, mowa utayamba kuyenda m'mutu, anayamba kukangana za The Good, the Bad and the Ugly. Wina anati inajambulidwa ku Texas, mnzake anati anaitsogolera ndi Clint Eastwood mwiniwake, ndipo onse awiri ankalankhula motsimikiza ngati analipo tsikulo. Ndinapirira, ndinatembenuza nyama kawiri, koma pakamwa panandipereka. Ndinavula chipewa ndi kunena mwaulemu kuti filimuyo inatuluka mu 1966, kuti anaitsogolera ndi Sergio Leone wa ku Italy, kuti mbali yaikulu inajambulidwa ku Spain, ndiponso kuti nyimbo yake imene ngakhale ana amaiimbira likhweru anaipeka ndi Ennio Morricone. Pakhonde panangoti zii. Mnyamata wina anatulutsa foni, anafufuza, ndipo anapeza kuti palibe pamene ndaphonya. Kenako onse anaphulika ndi kuseka, kuseka kuja kumene anthu amaseka akaona galu ataimirira ndi miyendo iwiri. Dona wina, nkhope yodzaza chifundo, anandifunsa kuti, "Kodi kwanu ku Malawi kuli TV?" Mwamuna wake anandiyandikira ndi kundilowetsera R20 m'thumba la ovolosi, ngati mwana amene walakatula bwino pa tsiku lotsekera sukulu. Ndipo ine, munthu wa imvi m'ndevu, ndinawerama ndi kunena kuti zikomo bwana.

Za moyo wa kuno sindikuuzani, mukuzidziwa kale. Mukudziwa kuti m'chipinda chimene kwathu chingakhale chosungiramo makasu timagonamo anthu anayi, kuti mwininyumba amatolera ndalama ya magetsi ngakhale mwezi umene magetsiwo akhala akuzima tsiku ndi tsiku, kuti muminibasi timakhala chete ngati tili pamaliro poopa kuti lilime lingatiulule kuti ndife akwerekwere. Foni ndalandidwapo kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo munali mafilimu amene ndinawasonkhanitsa chaka chathunthu pogwiritsa ntchito intaneti ya bwana ndikamatsirira kapinga pafupi ndi zenera. Malipiro anandidulapo chifukwa cha duwa limene linafa ndi chisanu, ngati kuti chisanucho ndinabwera nacho m'chikwama kuchokera ku Chikangawa. Zonsezi ndinazimeza. Koma funso lija lakana kutsika pakhosi.

Yankho linandibwerera usiku, monga mmene mayankho onse abwino amachitira, anzanga atagona kale. Ndi zoona kuti m'nthawi ya Kamuzu dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, ndipo Television Malawi (TVM) inayamba mu 1999, mochedwa ndithu. Koma iwo eni akewo TV anailola liti? Mu 1976, chifukwa boma lawo la tsankho linkaiopa ngati mfiti. Pamene anthu ankaponda pamwezi mu 1969, dziko la donayu silinaone nawo pa kanema, linkangomvera pawailesi ngati ife tomwe. Ndikanamuuza zimenezi mofatsa, mbale ya nyama ili m'manja, bwenzi lero ndikugona tulo tabwino. M'malo mwake ndinati zikomo bwana.

Iwo sadziwa kuti ife sukulu ya mafilimu tinaiphunzira movutikira, ndiye chifukwa chake zinatikhala m'mutu. Inu mukukumbukira kanyumba ka matabwa kaja, zenera lotchingidwa ndi chiguduli, sipika yopachikidwa panja kuti phokoso la zibakera likokere anthu kuchokera kumsika, bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo, ndi fungo la thukuta losakanikirana ndi la chimanga chowotcha. Mvula ya ku Mzuzu ikamamenya malata mawu sankamveka n'komwe, ndipo Chingerezi chake tinkangotolapo apa ndi apo, koma nkhani tinkaitsatira poyang'ana maso ndi manja a anthu. Wina ankafuula m'Chitumbuka, wina m'Chitonga, wina m'Chichewa, onse kulangiza ekita kuti acheuke chifukwa mdani ali kumbuyo. Tepi ikadyedwa ndi makina, mwini vidiyo ankaikoka ndi bolopeni ife tikumutukwana. Mmenemo ndi mmene ndinaonera Bruce Lee mu Enter the Dragon ya 1973, Jackie Chan mu Drunken Master, Stallone, Schwarzenegger ndi Van Damme, ndipo tonse tinkatuluka tili ndi chikhulupiriro chimodzi, choti ekita safa. Tsiku lina mwini vidiyo anasowa filimu ya karate, anaika ya Leone ija, ndipo theka la anthu linatuluka likudandaula kuti anthuwa akungoyang'anizana osamenyana. Ine ndinatsala. Kumapeto kuja, amuna atatu ataima pakati pa manda, kamera ikuchoka pamaso a uyu kupita pa dzanja la uyo, nyimbo ikukwera pang'onopang'ono, popanda wolankhula ngakhale mmodzi, ndinazindikira kuti filimu yabwino imadziwa kudikira. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga mayina amene amadutsa kumapeto, anzanga akuthamangira pakhomo.

Mafilimu a masiku ano kudikira sakudziwa, ndipo apa ndikunena maganizo anga, amene akufuna kukwiya akwiye. Anthu ovala zovala zothina akuuluka m'mwamba, mizinda ikugwa ngati zigoba za mtedza, koma palibe chimene chimandigwira mtima, chifukwa ndimadziwa kuti munthuyo waima m'chipinda chobiriwira ndipo zotsalazo wajambula ndi kompyuta. Jackie Chan akagwa ankagwadi, mafupa ankathyokadi, ndipo umboni wake ankautionetsa kumapeto kwa filimu. Lero filimu imodzi ikagulidwa bwino amaiberekera ana ndi zidzukulu mpaka gawo lachikhumi. Masewero a pa intaneti nawonso amatenga nkhani yokwanira maola awiri n'kuitambasula zaka zisanu, ngati ndiwo zochepa zothiridwa madzi kuti zikwanire alendo, ndipo wolipira madziwo ndine, amene ndimagula bandulo ndi ndalama yodulira kapinga. The Godfather ya 1972 ndi yaitali pafupifupi maola atatu, koma mulibe mphindi imene ndingaitaye.

Koma ndikuuza yani zimenezi? Anzanga a m'chipinda muno amafuna zomasuliridwa m'Chichewa zija, zimene mnyamata mmodzi amalankhulira msilikali, mkazi wake, mdani wake ndi galu yemwe, n'kumawapatsa mayina a kumudzi ndi kuwonjezeramo nthabwala zake pamene mwini filimu anafuna kuti anthu alire. Ndimawanyoza, komabe ndivomere kuti tsiku lina ndinaseka mpaka kutsamwa nsima, choncho nanenso sindine woyera. Mlamu wanga wa ku Zolozolo amakhulupirira kuti filimu yopanda sing'anga ndi apongozi ankhanza si filimu, moti za ku Nigeria amazionera kuyambira m'mawa. TV imene amaonerayo ndinatumiza ndine, ndipo inafika galasi litang'ambika pakona, wonyamula katundu n'kunena kuti ndi mabampu a ku Tete, ndalama yanga osabweza. M'malo mwa zikomo ndinalandira uthenga wakuti anzathu akutumiza zazikulu kuposa imeneyi. Kuno akundifunsa ngati kwathu kuli TV, kwathu akundifunsa chifukwa chimene TV yake yachepera.

Masewero a madzulo a pa TV ya kuno ndinasiya kuwaonera, ngakhale kuti Generations ndi imene inandiphunzitsa Chizulu choyamba. Ndinatopa ndi kudikira kuti mlendo wochokera kumpoto kwa Limpopo aoneke ngati munthu wamba amene ali ndi mkazi, ngongole ndi mutu wowawa. Nthawi zambiri ndikamuona amakhala wogulitsa mankhwala ozunguza bongo kapena wakuba, ndipo ife amene timawalerera ana, kuwaphikira ndi kuwalondera usiku sitioneka n'komwe. District 9 ya 2009 ndi imene inayandikira choonadi, poonetsa zolengedwa za kudziko lina zitatsekeredwa m'zisakasa za mu Johannesburg, anthu akuzinyansidwa ndi kufuna kuzisamutsa. Inatuluka patangopita chaka chimodzi kuchokera pa ziwawa za mu May 2008, pamene alendo ankawotcheredwa nyumba ndi kuphedwa, ndipo aliyense wa ife amene anaionera anadzizindikira. Komabe filimu yomweyo inajambula anthu a ku Nigeria ngati zigawenga zodya anzawo, mpaka boma la kwawo linadandaula. Ngakhale wotimvera chisoni amayamba watisandutsa tizilombo kuti atimvere chisonicho.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi The Gods Must Be Crazy ya 1980. Inu mukudziwa mmene tinkaikondera. Botolo la Coca-Cola likugwa kuchokera mundege, munthu wa m'chipululu cha Kalahari akulitola modabwa, ife pabenchi misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Tinkamuseka ngati wobwerera m'mbuyo, ife odziwa zinthu a mumzinda wa Mzuzu. Loweruka lija, pamene anthu aja ankaseka, ndinakumva kuseka kwathu komwe kuja, koma tsopano wonyamula botolo ndinali ine. Kwa iwo chodabwitsa sichinali chakuti alakwitsa za Leone, chinali chakuti chinthu chogwira fosholo chayankhula. Palibe amene anandifunsa kuti filimuyo ndimaikonderanji, kapena kuti pa amuna atatu aja ndimasankha uti, funso limene ndikanaliyankha mpaka m'bandakucha. Anangoona kuti mtengo wa zimene ndikudziwa ndi R20, ndipo ine ndinavomereza mtengowo ndi manja awiri.

Ndikanatha kumuuza donayo kuti pa Netflix yake yomweyo pali The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yojambulidwa kwathu konko. Ndinaionera pafoni nditafunda bulangeti. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William, chinandiseketsa, chifukwa chimamveka ngati cha wansembe wachizungu amene wangofika kumene pa parishi, koma fumbi lake, njala yake ndi manyazi a bambo wolephera kulipirira mwana sukulu zinali zathu zenizeni, ndipo sindinamalize maso ali ouma. Ndikanamuuzanso za Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise m'dziko lopanda ndalama zopangira mafilimu. Koma tinene zoona, ndi angati mwa inu amene munagulapo filimu ya Mmalawi ndi ndalama yanu? Tonse timapita kwa mnyamata wa pamsika kuti atiikire mu fulashi pa mtengo wa mandasi, kenako n'kumadandaula kuti mafilimu athu sakukula. Woyamba kuchita zimenezi ndine.

Bambo anga ndi amene anandipatsa ndalama yoyamba yolowera vidiyo, ngakhale kuti iwo sankapitako, ankati ndi zachibwana. Madzulo ndikabwerako ankandiuza kuti ndiwafotokozere, ndipo ndinkaima pabwalo n'kusewera filimu yonse ndekha, ekita ndine, mdani ndine, mfuti ndi pakamwa, iwo akuseka chamumtima uku akusenda chinangwa. Atamwalira sindinapite, chifukwa masiku a m'pasipoti anali atatha kalekale ndipo ndinkaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Maliro awo ndinawaonera pafoni, mchemwali wanga atainyamula m'mwamba kumanda, chithunzi chikuima ndi kuyenda malinga ndi netiweki. Pamene bokosi linkatsika chithunzi chinaima, ndipo chitabwerera anthu anali akukwirira kale. Ndinakhala pa bedi ndi foni m'manja, kenako ndinavala ovolosi n'kupita kukathirira maluwa, chifukwa linali Lachiwiri.

Mwana wanga wachisamba ndinamusiya ali ndi zaka ziwiri, tsopano ali ndi zaka 13, ndipo mawu ake ayamba kukhuthala ine kulibe. Amandidziwa ngati munthu wa pagalasi la foni amene amafunsa za sukulu ndi kulonjeza nsapato. Lamlungu nditamuimbira ndinamufunsa filimu imene amaikonda, ndipo anatchula ya anthu ouluka ija. Ndinatsala pang'ono kuyamba kumudzudzula, koma ndinadzigwira, chifukwa ndinazindikira kuti sindinakhalepo naye pampando umodzi kuonera chilichonse. Amayi ake anandiuza kuti akabwera kovidiyo amaima pakhonde n'kuwasewerera filimu yonse, mfuti ndi pakamwa.

Ndawauza amayi akewo kuti mu December ndikubwera, ndipo ulendo uno sindinatchule tsiku lobwerera. Adinde chimene adinde pa Beitbridge. Ndikufuna kuona nkhungu ya ku Chikangawa pazenera la basi, nditsike pa depoti ya Mzuzu ndi chikwama chimodzi, amene akuyembekezera firiji andikhululukire. Filimu ya Leone ndaiika kale mu fulashi. Ndikudziwa kuti mnyamatayo adzadandaula kuti anthuwa akungoyang'anizana osamenyana, ndipo ndidzamupempha kuti adikire pang'ono mpaka afike kumanda kuja. R20 ija sindinaigwiritse ntchito, ili mkati mwa pasipoti, ndipo mawa ndi tsiku lodula mpanda wa maluwa kunyumba komwe kuja.