Apilo ya msonkho ikafera pakhomo: mmene Malawi, Zambia ndi Tanzania amaonera zolakwika za pa pepala

Kumudzi timati mlandu suola, ndipo ambirife tinakula tikukhulupirira kuti wolakwiridwa adzamvedwa ndithu ngakhale patapita zaka. Pa nkhani ya msonkho mawu amenewa angamupweteketse munthu. Kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tanzania komwe, amene sakugwirizana ndi msonkho umene wawerengeredwa pa ndalama zomwe wapeza amakhala ndi masiku 30 oti alembe dandaulo kwa mkulu wa bungwe lotolera misonkho, ndipo masikuwo akadutsa mlandu wake ukhoza kufa usanamvedwe n'komwe, ngakhale masamu ake atakhala olondola.

Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda ang'onoang'ono kusunga mabuku a ndalama, ndiye zimenezi ndaziona ndi maso. Mayi ena ogulitsa simenti ndi malata anabwera kwa ine atanyamula jumbo yodzaza malisiti, ena atamangidwa ndi mphira mwezi ndi mwezi, ena inki itafufutika chifukwa chokhalitsa m'kabati. Kalata yowadziwitsa za msonkho woonjezera inagona milungu iwiri m'bokosi la kupositi limene ankagwiritsa ntchito pamodzi ndi mpingo wawo. Ataitenga anathamangira ku ofesi, anafotokoza zonse pakamwa, anamvetseredwa mwaulemu, ndipo anabwerera kunyumba mtima uli m'malo poganiza kuti dandaulo lalowa. Pamene ankandipeza n'kuti masiku 30 atatha popanda pepala lililonse lokhala ndi dzina lawo, zifukwa zawo ndi chidindo chosonyeza tsiku limene linalandiridwa. Malisiti aja anali ndi umboni wokwanira, koma funso loyamba silinalinso la malisiti.

Zolakwika zimene zimagwetsa ma apilo zimafanana m'mayiko onsewa. Wina amachedwa, wina amalemba kuti msonkho wachuluka koma osatchula chifukwa, wina amasainitsa m'bale wake yemwe alibe chilolezo choimira kampani, wina amaiwala kuphatikizapo chigamulo chimene akutsutsacho, ndipo wina amathamangira kubwalo asanayambe wadandaula kwa otolera msonkho eni ake. Pamene mayikowa amasiyana ndi pa kuchuluka kwa makomo amene munthu ayenera kudutsa, ndiponso pa zomwe zimamuchitikira akapunthwa pa limodzi mwa makomowo.

Kwathu kuno, kwa zaka zambiri lamulo la Taxation Act linkati amene wakanidwa ndi Commissioner General, mkulu wa bungwe lotolera misonkho la MRA, apite kwa Special Arbitrator, ndipo akakhala wosakhutirabe pa mfundo ya malamulo apite ku High Court. Kuchita apilo sikunkaimitsa ngongole ya msonkhoyo pokhapokha mkulu wa bungweli atalola. Mu 2016 kunakhazikitsidwa nthambi ya High Court yoona milandu ya misonkho, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza Tax Administration Act pamodzi ndi Revenue Appeals Tribunal Act, cholinga chake chikhale chakuti ma apilo azimvedwa ndi bwalo lapadera la anthu odziwa za misonkho. Tilinso ndi poyambira pabwino pa nkhani ya zolakwika za pa pepala, chifukwa malamulo oyendetsera milandu ku High Court a mu 2017 amanena kuti kuphonya ndondomeko sikupha mlandu pakokha, ndipo woweruza ali ndi mphamvu zolamula kuti cholakwikacho chikonzedwe. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsanso munthu ufulu wouzidwa zifukwa mochita kulemba pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wake, ndipo ichi n'chofunika kwambiri chifukwa palibe amene angalembe apilo yomveka pa chigamulo chomwe sanauzidwe maziko ake.

Ku Tanzania ndi kumene njira ili yaitali ndiponso yaminga. Lamulo lawo la Tax Administration Act la mu 2015 limati dandaulo silingalandiridwe munthu asanalipire msonkho umene sakuutsutsa kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkho wonse umene wawerengeredwa, ndipo amalipira chimene chakula pa ziwirizi, pokhapokha mkulu wa TRA, bungwe lawo lotolera misonkho, atamuchepetsera kapena kumukhululukira. Wamalonda amene wauzidwa kuti alipire mashilingi 90 miliyoni ayenera kupeza 30 miliyoni kuti angomvedwa chabe. Akakanidwa, apilo imapita ku Tax Revenue Appeals Board, kenako ku Tax Revenue Appeals Tribunal, ndipo pomaliza ku Court of Appeal. Pa khomo la Board pali msampha umene munthu wosazolowera sangauone msanga: chidziwitso chakuti achita apilo chiyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30, apilo yeniyeniyo pasanathe masiku 45, ndipo masiku onsewa amawerengedwa kuchokera pa tsiku limodzi, lomwe analandira chigamulo. Amene wapereka chidziwitso pa tsiku lomaliza watsala ndi masiku 15 okha, osati 45. Malamulo aakulu a dzikolo, pa gawo 107A, amauza makhoti kuti asamangike ndi tizifukwa ta ndondomeko, ndipo mu 2018 anawonjezera lamulo lolimbikitsa zomwezo, koma Court of Appeal yakhala ikunena kuti zimenezi sizingagwiritsidwe ntchito mwachimbulimbuli pofuna kuphimba zinthu zimene lamulo linalamula mwachindunji. Ine ndimaona kuti kulipiritsa munthu asanamvedwe n'kolemera kuposa zolakwika zina zonse, chifukwa siginecha yoiwalika imakonzeka ndi cholembera pamene kusowa ndalama sikukonzeka pa masiku 30.

Zambia inatitsogolera ndi zaka zoposa makumi awiri. Bwalo lawo la Revenue Appeals Tribunal linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndipo mu 2015 linalowedwa m'malo ndi Tax Appeals Tribunal, imene zigamulo zake zimakatsutsidwa ku Supreme Court. Ndi njira imeneyi imene unadutsa mlandu wa Mopani Copper Mines, womwe unatha mu 2020 khotilo litagwirizana ndi ZRA, bungwe lawo lotolera misonkho, kuti kampaniyo ilipire msonkho woonjezera wokwana makwacha a ku Zambia 240 miliyoni chifukwa cha mitengo imene inkagulitsira mkuwa kwa Glencore, mwini wake wamkulu pa nthawiyo. Njira yaifupi chonchi imapulumutsa nthawi ndi ndalama zolipira maloya, koma ilinso ndi mtengo wake. Khoti la apilo silikhala pansi n'kuyambiranso kumva mboni, choncho chikalata chimene sichinaperekedwe ku Tribunal, kapena chifukwa chimene sichinalembedwe pachiyambi, chimavuta kuchilowetsa pambuyo pake. Nawonso ali ndi mawu m'malamulo aakulu a dziko, pa gawo 118 monga anasinthira mu 2016, oti chilungamo chisatsekerezedwe ndi kukakamira ndondomeko mopyola muyeso, ndipo Constitutional Court yawo inafotokoza chaka chomwecho kuti mawuwa sanathetse malamulo oyendetsera milandu. Wamalonda wa ku Chipata sayenera kudalira gawo limeneli ngati chishango cha kuchedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimamanga mtolo umodzi Achewa a mbali zonse za malire. Ku Mchinji ndi ku Katete mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo ku Angónia m'dziko la Mozambique, limene makhoti ake a misonkho anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004, amalembedwa m'Chipwitikizi. Masiku ena mwa ochepa aja amathera pofunafuna munthu woti amasulire kalatayo.

Chitsanzo chimene ndimasirira chili kutali pang'ono, ku South Africa, kumene abale athu ambiri amachita malonda. Kuyambira mu Malichi 2023 munthu ali ndi masiku 80 ogwira ntchito oti apereke dandaulo ku SARS, bungwe lotolera misonkho la dzikolo, m'malo mwa 30 akale. Koma chondikopa kwambiri si kutalika kwa nthawiyo. Dandaulo likakhala ndi cholakwika, mwina pa fomu kapena posatchula zifukwa mokwanira, bungwelo limalembera mwini wake kumuuza chimene chalakwika, ndipo iye amakhala ndi masiku 20 ogwira ntchito oti aperekenso lokonzedwa popanda kupempha nthawi yoonjezera. Kumenekonso msonkho umayenera kulipiridwa mlandu uli m'kati pokhapokha munthu atapempha kuti uimitsidwe, choncho boma silitayapo kanthu pomulola kukonza pepala.

Sindikunena kuti malire a nthawi achotsedwe, chifukwa boma silingakonze bajeti ya mankhwala ndi malipiro a aphunzitsi ngati msonkho wa zaka khumi zapitazo ungatsutsidwe tsiku lililonse. Chimene ndikupempha kwa amene amalemba ndondomeko za mabwalo a misonkho ku Malawi ndi ku Zambia n'chakuti asiyanitse kuchedwa kopanda chifukwa ndi cholakwika chimene kalaliki angachione pa tsiku lolandira pepala. Apilo yofika pa nthawi yake koma yosasainidwa, kapena yopanda kope la chigamulo, idindidwe tsiku lomwelo, ndipo mwini wake apatsidwe kalata yotchula chosowacho ndi tsiku loti achibweretse. Kalata yodziwitsa munthu za msonkho nayo ikhale ndi ndime yaifupi m'zilankhulo za anthu, yonena tsiku lomaliza lodandaulira, kumene dandaulo likaperekedwe, ndiponso kuti kufotokoza pakamwa sikuwerengedwa. Mayi a simenti aja amawerenga Chichewa bwinobwino, ndipo pa tsiku limene anatenga kalata yawo kupositi anali adakali ndi milungu iwiri yathunthu.