Si malonda onse atsopano amene ndi startup

Sabata yatha mphwanga anandiimbira ali ku Ulongwe, mawu ali m'mwamba: "Achimwene, ndatsegula startup!" Nditafunsa kuti ndi ya chiyani, anati wapikula matumba 20 a kachewere ku Tsangano ndipo akukagulitsa pamsika wa Kwachena ku Tete. Mtima wanga unadzaza, pakuti mwanayu wakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni kalasi 12. Komabe ndinamuuza kuti imeneyo ndi geni, ndipo aitchule dzina lake mosachita manyazi.

Mawu oti startup ndi a Chingerezi, ngakhale olankhula Chipwitikizi amangowatchula momwemo. Tsinde lake ndi kuyamba basi. Koma amene anawatchukitsa, kuja ku Silicon Valley ku California, sanena malonda aliwonse atsopano ayi. Amanena kakampani kamene kakuyesa njira yosazolowereka, kosadziwa ngati igwire, koma yoti ikagwira ifikire anthu ochuluka mwamsanga popanda kuwonjezera ndalama zambiri zoyendetsera. Facebook inayambika mu 2004 ndi ophunzira a ku Harvard. Munthu wina akalowa pa Facebook, eniake sapita kukapikula thumba lina. Mphwangayu kuti agulitse matumba 200 ayenera kugula matumba 200, alipire onyamula, alipire lole, ndipo ena aolere panjira. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Ndalama zake nazo zimayenda mosiyana. Mwini startup kawirikawiri amafuna munthu woti aikemo chuma n'kutenga gawo la kampaniyo, akudziwa kuti zambiri zotere zimafa zisanabweze kanthu. Wa geni amayamba ndi mpamba wa m'thumba mwake, wa kuchipereganyu kapena wogulitsa mbuzi, ndipo madzulo amawerenga phindu.

Chimene chikundiwawa n'chiyani tsono? Ndikuona achinyamata athu kuno ku Angónia ndi ku Moatize akuyamba kuona ngati mawu oti geni ndi a anthu osaphunzira. Wina ali ndi mameticais okwanira kutsegula banca ya sopo ndi mafuta ophikira, koma wakhala chaka chathunthu akudikira mlendo woti adzaikemo ndalama, chifukwa anamva kuti startup imatero. Mlendoyo saika ndalama zake mu banca. Pamene amayi athu atiphunzitsa sukulu ndi tomato ndi kabichi, akudutsa pa Calómuè kupita ku Dedza kusanache, ndipo amadziwa lamulo limene ambiri ophunzirafe limatigonjetsa, loti mpamba sadya.

Sindikunena kuti kwathu kuno startup singabadwe. Ku Maputo kuli Biscate, imene imalumikiza amisiri ndi ofuna kuwalemba ganyu kudzera pafoni wamba. Mnyamata wa ku Dómuè atapanga njira yoti mlimi adziwe pafoni mtengo wa kachewere ku Tete lole isanafike pamunda, n'kulandira malipiro pa M-Pesa kapena e-Mola, ameneyo ndingamutchule mwini startup ndi mtima wonse, chifukwa njira imodziyo ingatumikire alimi a ku Macanga ndi Chifunde omwe.

Mphwanga uja wabwerako dzulo. Matumba 18 agulidwa, awiri anaola ndi kutentha kwa ku Tete. Lolemba akubwerera ku Tsangano, ndipo ulendo uno akuti anyamula usiku kukazizira.