Ulemu wa insulini ufike mpaka m'nyumba za ku Ndirande

A mtolankhani, zikomo potidziwitsa za mendulo ya Banting, yotchedwa dzina la mmodzi mwa anthu amene anapeza insulini (mankhwala obaya a matenda a shuga), imene bungwe la American Diabetes Association limapereka kwa katswiri amene wathera moyo wake pofufuza matenda a shuga. Ulemuwo ndi woyenera ndithu. Koma pamene mwalemba kuti kupezeka kwa insulini ku Toronto mu 1921 kunathetsa vuto, pamenepo ndakana. Mankhwala amenewa amatha mphamvu m'nyumba zathu odwala osadziwa.

Botolo losatsegula limafunika kukhala pa madigiri 2 mpaka 8, osati m'chipinda choumitsira cha firiji, chifukwa insulini ikaundana yawonongeka basi. Lotsegula limakhala pafupifupi milungu 4 pamalo osapitirira madigiri 30. Nanga m'mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata ku Ndirande kapena Bangwe, magetsi atazima? Kwa amene alibe firiji, ikani botolo mu kachitini kotseka bwino, mukaike mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma amaziziritsa mtsukowo.

Insulini yooneka ngati madzi ikachita mbuu, itayeni. Yoyera ngati mkaka ija muipukuse m'manja pang'onopang'ono musanabaye, osaikhutchumula. China choopsa kwambiri: insulini yolembedwa U-100 pa botolo (kutanthauza mayuniti 100 pa mililita imodzi) imafuna jakisoni wolembedwa U-100. Mukaikoka ndi jakisoni wa U-40 (wopangidwira insulini ya mayuniti 40 pa mililita) mwabaya muyezo wochuluka kawiri ndi theka, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka.

Anzanga amene mumalandira mankhwala ku Queens, onetsani anamwino botolo ndi jakisoni pamodzi musanachoke.