Chenjezo: musasese zitosi za makoswe zili zouma

Ana inu, khalidwe lotsegula chipinda chomwe chakhala chotseka miyezi, kuona zitosi za makoswe zili mbwee pansi, nkungotenga tsache kuyamba kusesa fumbi lili kobo, mulisiye. Fumbi limenelo limapha.

M'mkodzo, m'zitosi ndi m'malovu a makoswe ndi mbewa zina mumakhala kachilombo kotchedwa hantavirus. Khosweyo sadwala, amangoyenda nako. Zonyansazo zikauma nkusakanikirana ndi fumbi, munthu amakapumira m'mphuno yekha, osalumidwa nkomwe. Dzina lake linachokera ku mtsinje wa Hantan ku Korea, dziko lomwe asilikali oposa 3,000 anadwala matendawa pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Ku Asia ndi ku Ulaya kamakonda kuwononga impso: munthu amatentha thupi, msana umawawa, magazi amatha kutuluka, kenako mkodzo umachepa kapena kusiyiratu. Mtundu wina wotchedwa Seoul umanyamulidwa ndi makoswe wambawa, omwe sitima za pamadzi zinawafalitsa padziko lonse, ndiye pasapezeke wonena kuti izi nza kutali.

Mtundu wogwira m'mapapo ndiye woopsa kwambiri. Unadziwika mu 1993 kum'mwera chakumadzulo kwa America, pomwe anyamata ndi atsikana amphamvu zawo anayamba kufa mobanika. Umayamba ngati chimfine, mutu, kuphwanya kwa ntchafu ndi msana. Pakapita masiku 4 mpaka 10, chifuwa chimayamba, mapapo amadzaza madzi, munthu nkumalephera kupuma ali pakama pake. Mwa odwala 10 aliwonse ofika pamenepa, pafupifupi 4 amamwalira. Betsy Arakawa, mkazi wa katswiri wa mafilimu Gene Hackman, anafa nawo mu February 2025.

Chimene chimandipweteka mtima nchakuti kupewa kwake nkosavuta, koma mumachita phuma. Tsegulani zitseko ndi mawindo, mutuluke kwa mphindi 30. Valani magolovesi, phimbani mphuno ndi pakamwa. Sungunulani kapu imodzi ya bleach (mankhwala oyeretsera monga Jik) ndi makapu 9 a madzi, muwaze pa zitosi ndi pa zisa zonse mpaka zinyowe, mudikire mphindi 5, kenako mupukute ndi pepala nkumanga m'pulasitiki. Khoswe wakufa musamunyamule ndi manja. Tsekani mauna, vindikirani chakudya, tcherani misampha.

Mankhwala ophera kachilomboka mwachindunji kulibe. Kuchipatala amathandiza ndi mpweya wa okosijeni, ndipo impso zikafooka amasefa magazi ndi makina, koma zonsezi zimathandiza wofika msanga. Zizindikiro zimatha kutenga sabata imodzi mpaka 8 kuti zioneke, nthawi yomwe mwina mwaiwala kale za chipinda chija. Mukatentha thupi, musamangomwa mapilitsi kunyumba. Pitani, ndipo mukawauze adokotala mosabisa kuti munayeretsa malo a makoswe. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo mukapanda kunena, iwo adzayamba kufufuza matenda ena nthawi ikupita.