Musachezere usiku ndi PyPy pofuna kuthamangitsa mapu

Sabata yathayi mnyamata wina amene ndikumuphunzitsa za mapu anandiimbira cha m'ma 10 koloko usiku, mawu ali pansi ngati kwagwa zovuta. "Achimwene, GDAL ikukana." Ndinadabwa, poti GDAL, pulogalamu yowerenga ndi kulemba mafailo a mapu, masana omwewo inali ikuyenda bwinobwino pa laputopu yake. Nditamupanikiza m'pamene anaulula kuti waika PyPy, pulogalamu ina yoyendetsera khodi ya Python, m'malo mwa Python ya masiku onse, ati anamva kuti imathamanga kangapo. Bandulo inali itathera pomwepo, ndipo pa sikirini panali mizere yofiira yokhayokha.

Ntchito yake sinali yovuta. Anali ndi nyumba za ku Nsanje ndi Chikwawa zochokera pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka, komanso malire a malo amene madzi anasefukira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Ankafuna kudziwa nyumba zimene zinali mkati mwa madziwo. Script yake inkatenga nyumba imodzi, n'kuiyerekeza ndi malo onse osefukira, kenako ina, kenako ina. Inkayenda ngati nkhono. Iye n'kuganiza kuti wolakwa ndi Python.

Ine maganizo anga ndi akuti pa ntchito ya mapu, kusintha injini ya Python n'kudzivutitsa chabe, kupatula pa tintchito towerengeka. Ndikudziwa kuti ena mundikwiyira, koma tamverani.

Python ndi chinenero, ndipo chimene chimawerenga n'kuyendetsa zimene mwalembazo ndi pulogalamu ina, imene ine ndimangoitchula kuti injini. Imene ambirife tili nayo ndi CPython, yolembedwa mu chinenero cha C. Ziliponso zina. PyPy imayang'ana mbali za khodi zimene zikubwerezedwabwerezedwa n'kuzisandutsa chinenero cha makina pomwepo, n'chifukwa chake imathamangadi. Jython imayenda pamwamba pa Java, IronPython pamwamba pa .NET. Zonsezi zimamva Python. Vuto n'lakuti mapulogalamu athu a mapu si a Python kwenikweni.

GDAL, imene Frank Warmerdam anaiyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi ya C ndi C++. GEOS, imene imayankha ngati kadontho kali mkati kapena kunja kwa malire, ndi ya C++. PROJ, imene imatembenuza manambala a malo kuchoka pa muyezo wina kupita pa wina, nayonso chimodzimodzi. Mukaitana Shapely, Fiona, rasterio kapena pyproj, ma library a Python amene amadalira zitatuzi, Python yanuyo ili ngati kondakitala wa minibasi: amakuwa, amatolera ndalama, amamenya chitseko kuti tiyeni, koma chiwongolero chili ndi wina. Ndiye mwatsitsa kondakitala n'kukweza wina wamiyendo yopepuka, mukuganiza kuti ku Limbe mufika msanga?

Choipa china, kondakitala watsopanoyo samvana ndi dalaivala. Mbali ya GDAL yolumikizana ndi Python imapangidwa ndi chida chotchedwa SWIG, ndipo khodi imene imatulukamo inasokedwa pa thupi la CPython, mpaka mmene CPython imawerengera kuti chinthu chakuti chikugwiritsidwabe ntchito kapena chitayidwe. PyPy imasamalira memory mwa njira ina. Kuti khodi yotereyi iyende, a PyPy analemba womasulira wapakati wotchedwa cpyext, amene amanamizira kukhala CPython. Amayesetsa ndithu, koma ulendo uliwonse wowoloka kuchoka ku Python kupita ku C umalipiritsa nthawi. Tsono taganizirani script ya mnyamata uja, imene inkawoloka pa nyumba iliyonse, pa malire alionse. Ikanati itheke kuikidwa usiku umenewo, phindu limene ankalifunalo likanathera pa mlatho pomwepo.

Amene munayamba kale mukukumbukira kuti Shapely yakale inkalankhula ndi GEOS kudzera mu ctypes, njira imene PyPy imaimva popanda womasulira uja. Shapely 2.0 itatuluka mu Disembala 2022, eni ake anasankha kudalira kotheratu C ndi NumPy, library yowerengera manambala ambiri kamodzi. Kwa okonda PyPy chinali chibakera. Kwa enafe chinali chikondwerero, chifukwa tsopano umatha kupereka madontho onse kamodzi, C n'kumaliza yokha mkatimo, Python n'kungolandira yankho. Ine ndikuona kuti anasankha bwino.

Za Jython ndiye n'zina. Iyo siitsegula n'komwe ma library a C olembedwera CPython, ndipo imene anthu amagwiritsa ntchito ikadali pa Python 2.7, pamene Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Komabe sindingainyoze, chifukwa ili ndi kwawo. Ku Java kuli ma library a mapu otchedwa GeoTools ndi JTS, ndipo gvSIG, pulogalamu ya mapu yochokera ku Valencia ku Spain, imalola kulemba ma script mu Jython. Chimene chimandiseketsa n'chakuti GEOS imene timaidalira tonsefe inakoperedwa kuchokera ku JTS ya Martin Davis, ndipo NetTopologySuite ya ku .NET inachokeranso komweko. Ndi ana a mimba imodzi amene anakakwatira midzi yosiyana. Ukapita ku Jython, usanyamule Shapely kumutu, ukadye za komweko. Ngakhale GDAL ili ndi khomo lakelake la Java ndi la C#, loti n'kulowerapo.

QGIS, pulogalamu yojambulira ndi kuonera mapu, ndiye musayese n'komwe. CPython inamangidwira mkati mwake pamodzi ndi PyQt, moti palibe poti mungamasule n'kuikapo ina. Amene tinaona QGIS 3 ikubwera mu 2018 tikudziwa mmene ma plugin anagonera pongochoka pa Python 2 kupita pa 3, injini yake yomweyomweyo. Nanga kusintha injini yonse?

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri, akuti popeza pulogalamu ndi ya open source ndiye iyenera kuyenda paliponse. Ayi. Chimene anatipatsa ndi ufulu woona khodi, kuisintha ndi kuigawa. Kuti iyende pa injini ina pamafunika munthu woti aimange, aiyese pa Windows, Linux ndi macOS, ndiponso ayankhe madandaulo nthawi iliyonse ikasweka. Mapulogalamu amenewa amasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa ife owadyera. Mukalemba pip install rasterio pa CPython n'kuona zatheka m'kanthawi kochepa, dziwani kuti wina anakuphikirani kale, GDAL ili mkati momwemo. Pa injini ina nthawi zambiri mumapatsidwa ufa ndi nkhuni kuti muphike nokha, ndipo apa m'pamene mnyamata wanga anapsa zala. Kwathu kuno, komwe bandulo ndi ndalama ndipo magetsi satsanzika akamachoka, usiku wotero umawawa.

Pamene PyPy imathandizadi ndi pamene ntchito yonse ili mu Python yeniyeni. Kusefa mafailo aakulu a manambala ochokera mu GPS, kuwerenga shapefile ndi pyshp imene ilibe C mkati, kapena masamu anuanu ofufuza njira yachidule pa misewu. Pamenepo ikani, muona kusintha. Mukamaliza lembani zotsatira mu GeoJSON kapena CSV, injini ina idzatole. Ndi mmenenso zinthu zikuluzikulu zimayendera. MASDAP yathu ija, tsamba la pa intaneti logawirapo mapu a Malawi, imayenda pa pulogalamu ya GeoNode, ndipo mu GeoNode muli Django ya Python, GeoServer ya Java ndi PostGIS. Palibe amene anakakamiza zitatuzi kulowa mu injini imodzi. Chilichonse chili pakhomo pake, zimangotumizirana uthenga.

Kutacha mnyamata uja anabwera maso ali psuu. Tinabwezeretsa CPython, n'kuika GeoPandas ndi Shapely yatsopano. Mizere yake yozungulirazungulira ija tinaifufuta, m'malo mwake tinalemba sjoin imodzi ya GeoPandas, yolumikiza nyumba ndi malire potengera pamene zili, imene imayamba yasanja malo mu index kuti nyumba ya ku Marka isamayerekezedwe ndi madzi a ku Nchalo. Ndinapita kukathira tiyi, pobwera n'kupeza yamaliza kalekale. Anangoti kukamwa yasaa, kenako n'kuseka yekha.

Kuseka kwake sikunakhalitse. Atatsegula zotsatira mu QGIS n'kuikapo mitsinje imene anaitenga pa mapu akale, nyumba zina zinaoneka zili pakati penipeni pa Shire. Mapu akalewo anali pa muyezo wakale wa malo wotchedwa Arc 1950, nyumba zake zili pa muyezo wa GPS wotchedwa WGS 84, zonse iye atazilemba kuti UTM zone 36 South basi, ndipo miyezo iwiriyi imasiyana ndi mamita mazana angapo. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati izinso n'za Python. Ndinamuuza akoke mpando, titsegule PROJ.