Wailesi ya shortwave ya pantchito: tochi ndi Bluetooth zisakupusitseni

Maganizo anga ndi awa, wokwiya akwiye: mawailesi ambiri amene adzaza m'mashopu pa Dedza boma, pa Lizulu mpaka pa Ntcheu, olembedwa kuti FM/AM/SW, si mawailesi a shortwave (SW), aja ogwira masiteshoni a maiko akutali, ayi. Ndi masipika oimbira nyimbo za pa memore khadi amene eni fakitale anangowamata zilembo ziwirizo kuti katundu ayende malonda. Tochi ilipo, kasola kali kumsana, Bluetooth ilipo, polowetsa fulashi palipo. Koma tembenuzirani batani pa SW mumve. Mphepo yokhayokha, mwinanso siteshoni yathu yomwe ino ya FM ikulowerera chapansipansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalemba izi chifukwa cha inu anzanga amene mwakhala mukundifunsa za wailesi yabwino yomvera nkhani zakunja pantchito mukandipeza pakhonde ndikusoka, kawailesi kakulankhula pambali. Ine ndine telala. Ntchito yathuyi imagwira maso, manja ndi mapazi, makutu okha ndi amene amakhala pa ulova tsiku lonse. N'chimodzimodzi kalipentala, wometa, wogulitsa m'golosale, mlonda, ngakhale namwino wa usiku odwala akagona. Foni imafuna uziyiyang'ana, ndipo kumvera wailesi pa intaneti kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kupereka phindu la sabata yonse ku bandulo. Foni yomweyonso ndi imene makasitomala amaimbirapo ndi kutumizirapo ndalama, ndiye batire lake si loseweretsa. Wailesi ukagula wagula, palibe wodzakulipiritsa mwezi ukatha.

Bambo wina anandifunsa kuti, kodi a telala, za kunjazo zikukukhudzani pati? Ndinawakumbutsa mtengo wa thumba la feteleza. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mlimi wa kachewere ku Bembeke anaimva ululu wake ngakhale sadziwa kumene Ukraine ili. Komanso ife tili pamalire. Zipolowe zimene zinabuka ku Mozambique chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha zinasokoneza maulendo a mathanki a mafuta ndi mathiraki a katundu, ndipo amene ankamvera nkhani zakunja sankadabwa poona mizere ikutalika pamalo omwetsera mafuta. Ine nsalu, ulusi, mazipi, mabatani, pafupifupi zonse n'zochokera kunja. Dola ikasowa ndimadziwira pa mtengo wa zipi.

Tsono ndiyambe ndi zosakomazo, kuti musadzati ndinakunamizani. Shortwave ya lero si ija ya makolo athu. Agogo athu wailesi anayambira kuimvera pa shortwave pomwepa. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, ndipo anthu a m'Nyasaland ankamverapo siteshoni ya ku Lusaka ikulankhula Chinyanja. MBC nayo kale inkaulutsa pa shortwave. Lero ambiri anapakira. BBC inatseka malo ake otumizira mawu a ku Seychelles mu 2014, Deutsche Welle inatseka a ku Kigali mu 2015. Kumene kunatipweteka kwambiri ife a kuno ndi ku Meyerton, ku South Africa, kumene makina anazimitsidwa mu 2019, pakuti ndi kumene kunkachokera Channel Africa ndi mapulogalamu ake a Chinyanja, ndipo BBC inkatifikira mwamphamvu kuchokera komweko. Kenaka mu Marichi 2025 boma la America linaimitsa mapulogalamu ambiri a Voice of America, imene inkatipeza kuchokera ku Botswana ndi ku São Tomé.

Komabe m'mlengalenga simunati zii. BBC World Service ikadaulutsabe ku Africa pa shortwave, kungoti maola anachepa, ambiri ndi a m'mawa ndi madzulo. Radio France Internationale ilipo. Wailesi ya boma la China ndiye simungaiphonye. Kuli Vatican Radio, kulinso masiteshoni a mipingo ochokera ku Eswatini, ku Madagascar ndi ku Zambia. Siteshoni iliyonse ili ndi mwini wake ndipo mwiniyo ali ndi zofuna zake, n'chifukwa chake ine nkhani yaikulu ndimafuna ndiimve kwa awiri ndisanayambe kuikamba pakhonde.

Musanatulutse ndalama, yesani kaye FM. BBC imaulutsa pa FM ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo malo ena okwera kuno ku Dedza amene ayang'ana cha ku Lilongwe imatha kufika. Ngati ikufika pamalo anu antchito, basi, wailesi imene muli nayoyo yakwana, ndalamayo kagulireni ndiwo za ana. Koma mafunde a FM amayenda molunjika, phiri likawatchinga athera pomwepo, ndipo mapiri kunoko si nkhani yochita kufotokoza. Amene muli kuseri, kapena kumunsi ku Golomoti, ku Mtakataka, ku Bwanje ndi ku Sharpevale, nkhaniyi ndi yanu.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ogulitsa ambiri sakudziwapo kanthu. Mafunde a shortwave sayenda molunjika ngati a FM. Amakwera kumwamba kutali, n'kukagunda mpweya wina umene mphamvu ya dzuwa imausintha, n'kubwerera pansi makilomita masauzande kuchokera kumene anachokera. Popeza mpweyawo umalamulidwa ndi dzuwa, zimene zimamveka usiku si zimene zimamveka masana. Usiku kumagwira manambala aang'ono a MHz, muyeso wa mafunde umene umalembedwa pagalasi la wailesi: bandi (gawo la shortwave) ya 49m imene ili cha pa 6 MHz, 41m cha pa 7 MHz, ndi 31m cha pa 9.5 MHz. Masana manambala amenewa amafooka, kumagwira apamwamba: 19m cha pa 15 MHz, 16m cha pa 17 MHz, ndi 13m cha pa 21 MHz. Ya 25m, cha pa 11 mpaka 12 MHz, imathandiza kwambiri m'mawa ndi chakumadzulo. Tsono ambirife ntchito timagwira masana. Wailesi imene SW yake imathera pa 12 MHz ndi ya mlonda wa usiku. Kwa telala, kalipentala ndi wa m'golosale ndi ndalama yotaya. Yang'anani pagalasi la wailesiyo kapena pakatoni: ifike pa 18 MHz, ikafika pa 22 MHz ndiye bwino koposa.

Chachiwiri choyang'ana ndi mmene SW yagawidwira. Pali mawailesi amene anapanikiza shortwave yonse pa mzere umodzi wotalika ngati chala. Mukangokhudza kagudumu kotembenuzira pang'ono, mwadumpha masiteshoni asanu. Abwino ndi amene anaigawa SW1, SW2, mpaka 9 kapena 10, bandi iliyonse mzere wakewake. Koma chenjerani, masipika a tochi aja nawonso anaphunzira kulemba SW1 mpaka SW6, ndiye kulemba kokha si umboni.

Nditchule maina, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene mukudikira. Wa thumba lopyapyala afunefune Tecsun R-9012 kapena XHDATA D-219. Ndi timawailesi ta kamuvi kolozera siteshoni, tolowa m'thumba la malaya, timadya mabatire awiri a AA, ndipo shortwave yake inagawidwa bwino mpaka kufika ku 13m. Vuto lake ndi kasipika kakang'ono, pa chigayo kapena pa macheka simungamve kanthu, komanso siteshoni mumachita kuisaka ndi dzanja tsiku ndi tsiku. Panasonic RF-562DD ija ya mabatire akuluakulu a tochi ili ndi mawu okwana shopu yonse ndipo mabatire amakhalitsa, koma shortwave yake ndi ya mzere umodzi, yabwino pa masiteshoni amphamvu okha. Ndiponso dzina la Panasonic ndi la Sony anthu akuba amakonda kulimata pa zinthu zabodza, ndiye tsegulani maso.

Ine ndikanakhala inu, ndikanapirira miyezi ingapo n'kugula Tecsun PL-310ET, imene ndimagwiritsa ntchito. Ili ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mabatani ngati a foni, ndiye ukadziwa nambala ya siteshoni umangoilemba, osachotsa phazi pa makina nthawi yaitali. Ili ndi batani lolembedwa ETM limene limasaka lokha masiteshoni onse amene akumveka pa ola limenelo n'kuwandandalika. Kwa munthu amene ali pantchito, batani limeneli lokha ndi chifukwa chokwanira. Imadya mabatire atatu a AA, ndipo mukaika otchajidwa mumawatchaja ali momwemo. Ilinso ndi kabowo kolowetsa eriyo yakunja. Mng'ono wake PL-330 amagwiritsa ntchito batire la BL-5C, lija la timafoni ta Nokia takale, limene mungalipeze pabenchi iliyonse ya okonza mafoni. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma wogulitsa akayamba kukutamirani SSB kuti muwonjezere ndalama, mukane. SSB ndi yomvera anthu amene amalankhulana pa mawailesi awoawo ndi za ndege zodutsa panyanja, nkhani za BBC sizifuna zimenezo.

Wailesi ya batire lomatiriridwa m'kati, losachotseka, ine ayi. Batirelo likafa, wailesi yafa.

Za mtengo sindilemba manambala, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha ndi nthano. Mawailesi ndatchulawa sapezeka wamba m'misika yathu. Funsani m'mashopu a zamagetsi ku Lilongwe, kapena tumani wachibale wa ku Joni aike m'chikwama pobwera pa mabasi odzera ku Tete aja, kapena sonkhanani anthu atatu muitanitse pa intaneti kuti mugawane ndalama yotumizira. Ndipo musanyoze zakale. National Panasonic kapena Sony ya malemu agogo imene ili pamwamba pa kabati, ikapukutidwa m'kati ndi kusinthidwa tizitsulo todyeka ndi asidi wa mabatire, imatha kuchititsa manyazi zatsopano zambiri.

Tsopano za malo antchito enieniwo, chifukwa wailesi yabwino imatha kunamiziridwa kuti ndi yakufa pamene wolakwa ndi nyumba. Adani a shortwave ndi tchaja ya foni, mababu a LED otchipa, kompyuta, inveta ya sola, mashini owotcherera zitsulo, ndi mota ya chigayo. Zonsezi zimatulutsa phokoso limene khutu silimva koma wailesi imamva. Mukufuna umboni? Tcherani wailesi magetsi atathima. Masiteshoni amene simunawamvepo amatulukira, ndipo mwina ndife tokha omvera shortwave amene sitidandaula kwambiri magetsi akapita. Denga la malata ndi makoma a simenti okhala ndi zitsulo nazonso zimatchinga. Choncho wailesi iikeni pawindo kapena pakhonde, kutali ndi soketi, ndipo musamvere ili pa tchaja.

Mankhwala otchipa kuposa onse ndi waya. Pezani waya wokutidwa wa mamita asanu kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale wochotsa ku sipika yakufa. Sendani nsonga imodzi, kulungani pa eriyo ya wailesi, kwinako tulutsani pawindo mukamangirire pamtengo kapena pansungwi, kutali ndi mawaya a magetsi. Kawailesi kotchipa kokhala ndi waya panja kamaposa wailesi yodula imene ili pakati pa ofesi. Osatalikitsa kwambiri, chifukwa timawailesi tating'ono timalemedwa, masiteshoni n'kuyamba kukwerana, makamaka ife amene tili pansi pa milongoti ya paphiri la Dedza. Nyengo ya mvula mudzamva kuthetheka kwa mphezi, makamaka pa manambala aang'ono aja, si wailesi yawonongeka. Koma kukayamba kugunda, chotsani wayayo msanga, musachite naye chibwana. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene zala zimakanika kulowetsa ulusi pasingano, ndi pamene mawu amayera bwino.

Amene muli m'maofesi, gulani wailesi yokhala ndi kabowo ka mahedifoni, muvale khutu limodzi. Abwana akaitana muyankhe, asadzati wailesi ndi imene ikuchedwetsa ntchito n'kutiletsera tonse.

Pogula, musalole kuyesera m'kati mwa shopu momwe muli matchaja ndi ma TV khumi akuyaka. Pemphani mwaulemu: achimwene, tiyeni titulukire panja pang'ono. Ikani mabatire atsopano, solorani eriyo yonse, pitani pa 15 ndi pa 17 MHz, muyende pang'onopang'ono. Masana alionse payenera kumveka munthu akulankhula, kaya ndi Chitchaina, Chiarabu kapena Chifalansa, chilankhulo chilibe kanthu, chofunika n'chakuti mawu akuchokera kutali. Gwedezani wailesiyo pang'ono muone ngati siteshoni ikuthawa. Wogulitsa akakana kutuluka, kapena akayamba zoti shortwave imagwira usiku wokha, bwezani ndalama m'thumba.

China chimene chimasokoneza ambiri ndi nthawi. Ndandanda za masiteshoni akunja zimalembedwa mu nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC kapena GMT, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri. Akalemba 0500 ndiye 7 koloko m'mawa kuno, akalemba 1600 ndiye 6 koloko madzulo. Manambala a masiteshoni amasinthanso kawiri pachaka, kumapeto kwa Marichi ndi kumapeto kwa Okutobala, ndiye siteshoni ikasowa mwadzidzidzi nyengo zimenezo musathamangire kwa wokonza. Gulani bandulo ya tsiku limodzi, tsegulani tsamba la siteshoniyo, koperani manambala atsopano pakapepala, mumate kuseri kwa wailesi.

Amene muli cha ku Kasinje, ku Tsangano ndi ku Mtakataka, tandiuzani zimene mukugwira pa 16m nthawi ya nkhomaliro, ndi wailesi yanji, ndiponso waya wanu ndi wotalika bwanji.