John Frederic Daniell ayenera ulemu woposa umene timamupatsa

Maganizo anga ndi akuti mbiri ya sayansi sinamuchitire chilungamo John Frederic Daniell, katswiri wa kemisitiri wa ku England amene anabadwira mu mzinda wa London m'chaka cha 1790. Nkhani ya batire ikabuka, anthu amathamangira kutchula Alessandro Volta wa ku Italy, ndipo dzina lake timaliwerenga tsiku ndi tsiku pa tchaja ndi pa mabatire m'mawu akuti "volt". Dzina la Daniell limangopezeka m'mabuku a kusukulu ndi pa chigwa china cha kumwezi, chonsecho ndiye anachititsa kuti batire likhale chinthu choti munthu n'kuchidalira pa ntchito.

Volta anapanga batire lake m'chaka cha 1800 posanjikiza tizitsulo ta mkuwa ndi zinki, ndipo ulemu umenewo palibe angamulande. Vuto linali lakuti magetsi akayamba kuyenda, tithovu ta mpweya wa hydrogen tinkamatirira pa mkuwa n'kutsekereza njira, moti mphamvu inkazilala m'kanthawi kochepa ngati tochi imene mabatire ake atha pakati pa ulendo wa usiku. Batire lotero linali labwino podabwitsa anthu m'chipinda chophunzirira, koma silikanayendetsa ntchito ya tsiku lathunthu.

M'chaka cha 1836, Daniell, amene panthawiyo anali pulofesa woyamba wa kemisitiri pa King's College London, anapeza njira yothetsera vutoli. Anatenga chibekete cha mkuwa n'kuthiramo madzi abuluu a mankhwala otchedwa copper sulphate, ndipo pakati pake anaimikapo mmero wa ng'ombe wokhala ndi asidi ndi ndodo ya zinki. Inde, mmero weniweni wa ng'ombe, ngakhale kuti pambuyo pake anthu anayamba kuikapo kambiya kadothi kosapaka kanthu. Mmerowo unkalekanitsa madzi a mitundu iwiriyo kuti asasakanikirane msanga, koma unkalola magetsi kudutsa. Zotsatira zake zinali zakuti zinki inkasungunuka pang'onopang'ono, ndipo pa khoma la chibeketecho pankamatirira mkuwa watsopano m'malo mwa tithovu tija. Batirelo linkatulutsa mphamvu ya mavolti pafupifupi 1.1 mosadukiza kwa maola ambiri. Bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society linapatsa Daniell mendulo ya Copley m'chaka cha 1837.

Khalidwe lofunafuna chimene chikulepheretsa chinthu kugwira ntchito anali nalo kuyambira kale. M'chaka cha 1820 anapanga chida choyezera chinyezi mumpweya, ndipo kenaka anasonyeza alimi a ku England kuti zomera za kumadera otentha zimene ankazisunga m'nyumba zagalasi zinkafota chifukwa ankangozipatsa kutentha popanda chinyezi. Anamwalira mwadzidzidzi m'chaka cha 1845 ali pa msonkhano wa Royal Society, atangokwanitsa zaka 55.

Ena anganene kuti batire la Daniell linali lolemera, lotayikira madzi likagwedezeka, ndiponso lofuna munthu woliyang'anira, ndipo kuti mabatire amene tikugwiritsa ntchito lero anachokera kwa anthu ena. N'zoona kuti batire la galimoto linayambira kwa Gaston Planté m'chaka cha 1859, pamene la m'tochi ndi m'wailesi linachokera ku ntchito ya Georges Leclanché ya m'chaka cha 1866. Komabe onse awiriwa anabwera makina a telegalamu atafalikira kale, ndipo makinawo ankafuna magetsi osasinthasintha kuti uthenga ufike kutali usanasokonekere panjira. Batire la Daniell, pamodzi ndi mitundu ina imene anthu anaikonza potengera nzeru yake, ndilo linkakhala m'zipinda za maofesi a telegalamu ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambirimbiri, wantchito akungothiramo miyala yabuluu ya copper sulphate ndi kusintha zinki ikadyeka.